Duke, Bishopu ndi Knight: Mmene Maudindo ndi Ulemu Zimayendera m'Maiko Opeka a m'Magemu

Achinyamata ambiri a ku Chitakale, ku Luchenza ndi pa boma la Thyolo masiku ano amasewera magemu a pa foni ndi pa kompyuta amene nkhani zake zimachitikira m'maiko opeka, okhala ndi malinga a miyala, asilikali okwera pa akavalo, ansembe a milungu yachilendo ndi zilombo zolavula moto. Za nkhondo m'magemuwa sizivuta kumva, koma chimene chimazunguza mitu ya ambiri ndi maudindo a anthu amene wosewera amakumana nawo. Wina amapirikitsidwa pabwalo la mfumu chifukwa chopereka moni wolakwika, wina amaona asilikali ake akumuthawa atangokangana ndi mkulu wa ansembe, ndipo onsewa sadziwa pamene alakwitsa. Ambiri amayesa kuti knight, baron, bishopu ndi duke ali pa makwerero amodzi, oti munthu akamagonjetsa adani ochuluka amakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pamwamba. Sizili choncho. Maudindowa ali pa makwerero atatu osiyana, a malo, a mpingo ndi a lupanga, ndipo mikangano yambiri ya m'magemuwa imabuka pamene makwerero atatuwa agundana.

Kumene maudindowa anachokera

Opanga magemu sanapeke okha maudindowa. Anawatenga m'mbiri ya ku Ulaya, makamaka ya ku France, England ndi Germany ya zaka za pakati pa 800 ndi 1500, n'kuwasema kuti akwanire m'maiko awo opeka. Gemu imene inalambula njira ndi Dungeons & Dragons, imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America m'chaka cha 1974, yoseweredwa patebulo ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi. Mmenemo wosewera ankatha kukhala cleric, wansembe wopita kunkhondo, ndipo mu 1975 anawonjezamo paladin, msilikali womangidwa ndi lumbiro lachipembedzo. Magemu a pa kompyuta anatengera zimenezi, ena n'kusintha mayina. Mu Skyrim, imene inatuluka mu 2011, wolamulira chigawo amatchedwa jarl, dzina lotengedwa kwa anthu akale a ku Scandinavia, koma ntchito yake ndi yomweyo ya mwini malo wamkulu wokhala pansi pa mfumu.

Makwerero a malo

Munthu wa ku Mulanje sangachedwe kumva makwerero oyambawa, pakuti amadziwa kale kuti nyakwawa ili pansi pa gulupu, gulupu ali pansi pa mfumu yaikulu monga Mabuka, Chikumbu kapena Mkanda, ndiponso kuti mlandu wa malire a munda umayambira pansi n'kumakwera. Ku Ulaya kwakale nakonso mwini malo aliyense anali ndi womuposa. Pamwamba panali mfumu ya dziko, ndipo nthawi zina pamwamba pa mafumu pankakhala emperor, monga Charlemagne amene Papa Leo III anamuveka chisoti chaufumu ku Rome pa 25 December m'chaka cha 800. Wotsatira mfumu anali duke, mwini chigawo chachikulu, amene kawirikawiri anali wa magazi achifumu. Ku England duke woyamba anali mwana wachisamba wa Mfumu Edward III, amene anapatsidwa Cornwall mu 1337. Pansi pa duke panali marquess, amene poyamba ntchito yake inali kulonda madera a m'malire, kenako count, amene ku England amatchedwa earl, kenako viscount, ndipo wotsiriza anali baron, amene malo ake ankatha kukhala linga limodzi ndi midzi yochepa yozungulira. Gemu ya Crusader Kings III ya 2020, yomwe maziko ake ndi mbiri yeniyeni, inayala maudindowa m'mizere isanu yooneka bwino, kuyambira kwa baron mpaka kwa emperor, ndipo magemu ambiri opeka amachitanso chimodzimodzi, ngakhale kuti m'mbiri zinthu sizinali zosalala chotere: panali ma count ena olemera ndi amphamvu kuposa ma duke, ndipo mfumu ya France kwa nthawi yaitali inali ndi malo ochepa kuposa ena mwa anthu ake.

Pamene ufumu wakwathu ndi maudindo a ku Ulaya zimasiyana kwambiri ndi pa nkhani ya nkhondo. Mfumu yakwathu imasunga malo m'dzina la anthu ake, pamene baron ankalandira malo ngati malipiro, ndipo ankabweza ndi asilikali. William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, anagawira malo anthu amene anamuthandiza, ndipo mu 1086 analembetsa kaundula wa dziko lonse, wotchedwa Domesday Book, kuti adziwe amene ali ndi munda uti, mapulawo angati ndi mphero zingati. Malo operekedwa motere ankatchedwa fief, ndipo wolandirayo ankatchedwa vassal. Mwambo wofala unali woti vassal apite kunkhondo masiku 40 pa chaka, atadzigulira yekha kavalo ndi zida, ndipo pambuyo pake mafumu anayamba kulandira ndalama m'malo mwa utumikiwo. Pansi pa onsewa panali alimi otchedwa serf, amene sankaloledwa kuchoka pamalopo popanda chilolezo ndipo ankalima munda wa mwini malo masiku angapo sabata iliyonse. Agogo a ku Thyolo amene akukumbukira thangata, pamene munthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lake m'minda ya azungu, angaumve msanga moyo umenewu.

Lumbiro la manja

Chimene chinkamanga makwerero onsewa ndi mwambo umodzi umene magemu ambiri amaonetsa koma osaufotokoza. Wofuna malo ankabwera pamaso pa mbuye wake atavula chipewa ndi lupanga, n'kugwada. Ankaphatikiza manja ake awiri n'kuwaika pakati pa manja a mbuyeyo, amene ankawafumbata, ndipo ali chigwadire ankanena poyera kuti kuyambira tsiku limenelo iye ndi munthu wake. Mbuyeyo ankamudzutsa n'kumupsompsona, kenako wogwadayo ankagwira buku la Uthenga Wabwino kapena bokosi la mafupa a woyera mtima n'kulumbira kukhulupirika. Pomaliza ankapatsidwa chizindikiro cha malowo, kaya chibuma cha dothi, ndodo kapena mbendera. Lumbiroli linali la mbali ziwiri, ndipo ichi ndicho wosewera ayenera kuchigwiritsa. Vassal ankalonjeza lupanga ndi uphungu, mbuye ankalonjeza chitetezo ndi chiweruzo cholungama, ndipo mbuye akalanda malo popanda mlandu, vassal anali ndi chifukwa chomveka chomuukira. Ma baron a ku England amene anakakamiza Mfumu John kuvomereza Magna Carta, chikalata choika malire pa mphamvu za mfumu, mu 1215 ankanena kuti mfumuyo ndiyo inayamba kuphwanya mwambo. N'chifukwa chake m'magemu ena wosewera akatsekera vassal mmodzi m'ndende popanda chifukwa, ena onse amayamba kumuda nthawi yomweyo.

Zinthu zinkapota kwambiri pamene munthu mmodzi anali ndi ambuye awiri, kapena pamene mfumu inali vassal wa mfumu inzake. Edward III anali mfumu ku England, koma chifukwa cha malo ake a ku Aquitaine, m'dziko la France, anapita ku Amiens mu 1329 kukapereka ulemu wa vassal kwa Philip VI wa ku France. Pofuna kuthetsa chisokonezo cha ambuye ambiri, panakhazikika mwambo woti munthu atchule mbuye mmodzi woposa ena, wotchedwa liege, amene adzamutsata ambuye akewo akadzamenyana.

Wolowa ufumu ndani

Pakati pa Alomwe ndi Amang'anja ufumu umatsata mbumba, ndipo wolowa m'malo kawirikawiri amachokera kwa mlongo wake wa mfumu. M'maiko ambiri a m'magemu, potengera Ulaya, cholowa chimapita kwa mwana wamwamuna wachisamba, ndipo azing'ono ake amatsala ndi dzina lokha. Kusiyanaku kukuoneka bwino pa zimene zinachitika ku France mu 1328, Mfumu Charles IV itamwalira yopanda mwana wamwamuna. Edward III wa ku England anali mwana wa Isabella, mlongo wake wa malemuyo, ndipo pabwalo la kwathu kuno akanakhala woyamba kutchulidwa. Akuluakulu a ku France anakana kuti ufumu udzere mwa mkazi, nasankha Philip wa ku Valois, mbale wa malemuyo wa kuchimuna. Mkanganowo ndi chimodzi mwa zimene zinabala nkhondo imene inayamba mu 1337 n'kudzatha mu 1453. Wosewera akamaona gemu ikuvutika ndi za maukwati, ana obadwa kunja kwa banja ndi amalume ofuna mpando, adziwe kuti pamenepo ndi pamene pagona tsogolo la malo ake. Ana aamuna otsala opanda cholowa aja ndiwo ankadzaza makwerero ena awiriwo.

Makwerero a mpingo

Akatolika a m'maparishi a ku Mulanje ndi Thyolo amaudziwa kale mndandanda wa dikoni, wansembe, bishopu, arkibishopu, kadinala ndi Papa, ndipo zipembedzo zopeka za m'magemu zimautsata kwambiri, ngakhale zitasintha dzina la mulungu ndi la mtsogoleri wake. Pambali pa mndandandawu panali amonke, okhala m'nyumba zawozawo motsata malamulo monga amene Benedict wa ku Nursia analemba m'zaka za m'ma 500, ndipo mkulu wawo ankatchedwa abbot, wa amayi n'kumatchedwa abbess. Udindo wa mumpingo sunali wobadwa nawo, choncho mwana wa mlimi ankatha kukwera mpaka kukhala pampando woposa wa baron, ngakhale kuti mipando yonona nthawi zambiri inkagwera ana a mabanja otchuka.

Chimene chimadabwitsa wowerenga wa lero n'choti bishopu analinso mwini malo, wokhala ndi midzi, misonkho ndi asilikali. Odo, bishopu wa ku Bayeux ndiponso mbale wake wa William wa ku Normandy uja, analipo pa nkhondo ya ku Hastings ya 1066 ndipo pambuyo pake anakhala earl wa ku Kent. Ku Germany, mwa akuluakulu 7 amene lamulo la 1356 linawapatsa mphamvu yosankha mfumu, atatu anali maarkibishopu a ku Mainz, Trier ndi Cologne. Motero funso linali losapeweka: kodi bishopu ndi munthu wa mfumu kapena wa Papa, ndipo womupatsa mphete ndi ndodo ya ubusa ndani? Papa Gregory VII ndi Mfumu Henry IV ya ku Germany analimbana pa funso lomweli. Mu 1076 Papa anachotsa mfumuyo mumpingo n'kumasula anthu ake ku malumbiro awo, ndipo mu January 1077 Henry anaima panja pa linga la Canossa masiku atatu m'nyengo yachisanu, atavala zovala za wolapa, kufikira atakhululukidwa. Nkhaniyi inadzakhazikika ndi pangano la ku Worms mu 1122. Apa ndi pamene pali yankho la wosewera amene asilikali ake amuthawa atakangana ndi mkulu wa ansembe. Lumbiro la vassal linachitikira pa zinthu zopatulika, choncho woyang'anira zopatulikazo ankatha kulengeza kuti lumbirolo latha, ndipo mfumu yokhala ndi asilikali zikwizikwi inkatha kudzuka m'mawa ilibe womvera.

Mpingo unalinso ndi mabwalo ake a milandu, ndipo wansembe wolakwa sankaweruzidwa ndi mfumu. Mkangano wa Henry II wa ku England ndi Arkibishopu Thomas Becket unakula pa nkhani imeneyi, mpaka ma knight anayi anapha Becket m'tchalitchi cha Canterbury mu December 1170. Makolo ena amada nkhawa akaona ana awo akusewera magemu okhala ndi milungu yopeka ndi ansembe ochita zozizwitsa, ena amaona kuti ndi nthano chabe ngati zina zonse. Banja lililonse limaweruza lokha, koma n'kothandiza kudziwa kuti kayendetsedwe ka zipembedzo zopekazo kanakopedwa ku mbiri imeneyi.

Knight, udindo wosabadwa nawo

Knight ndi msilikali wokwera pa kavalo, wovala zida zachitsulo, amene wapatsidwa ulemuwo pa mwambo wapadera. Mwana wa duke ankabadwa wolemekezeka, koma sankabadwa knight, ndipo ngakhale mwana wa mfumu ankayenera kugwada kuti alandire. Mwambo wofala unali woti mnyamata wa zaka pafupifupi 7 atumizidwe kunyumba ya mbuye wina kukakhala page, wotumikira patebulo ndi kuphunzira ulemu. Akafika zaka pafupifupi 14 ankakhala squire, wosamala kavalo, wopukuta zida ndi kunyamula chishango cha knight wake, ndipo cha m'ma 21 ankatha kulandira udindowo ngati chuma chilipo, pakuti kavalo wankhondo ndi malaya achitsulo zinali zodula kwambiri moti ambiri ankakalamba ali squire.

Pa mwambo wathunthu, mnyamatayo ankasamba madzulo, n'kuvala zoyera, nachezera usiku wonse m'tchalitchi lupanga lake lili paguwa. M'mawa ankamumanga lamba wa lupanga ndi zitsulo zakuchidendene zothamangitsira kavalo, kenako womupatsa udindoyo ankamumenya kamodzi pakhosi kapena paphewa ndi dzanja, mwambo umene pambuyo pake unasanduka kugunda paphewa ndi lupanga. Kunkhondo zonsezi zinkafupikitsidwa, ndipo munthu ankatha kugwada m'matope n'kudzuka ali knight. Pa mndandanda wa ulemu knight wamba ali pansi pa baron, koma baron ndi duke nawonso ankakhala ma knight, ndipo n'chifukwa chake makwerero a lupanga sayenera kusakanizidwa ndi a malo.

Amonke onyamula malupanga

Paladin wa m'magemu ali pamene makwerero a mpingo ndi a lupanga amakumana. Cha m'ma 1119 ku Jerusalem, Hugues de Payens ndi anzake ochepa anayambitsa gulu la Knights Templar loteteza apaulendo achipembedzo, ndipo mpingo unalivomereza pa msonkhano wa ku Troyes mu 1129. Anthu ake ankalumbira umphawi, kusakwatira ndi kumvera monga amonke, koma ankamenya nkhondo. Mtsogoleri ankatchedwa Grand Master, woyang'anira za nkhondo anali marshal, ma knight ankavala mwinjiro woyera wokhala ndi mtanda wofiira, asilikali a m'mabanja wamba otchedwa sergeant ankavala wakuda kapena wofiirira, ndipo gululo linali ndi ansembe akeake. Kuyambira mu 1139 linkamvera Papa yekha, osati bishopu kapena mfumu ya dera limene linkakhala. Gulu lolemera, lankhondo ndiponso losagwada kwa mfumu silikanatha kukondedwa mpaka kalekale. Mfumu Philip IV ya ku France inagwira anthu a gululo pa 13 October 1307, Papa Clement V anathetsa gululo mu 1312, ndipo Grand Master womaliza, Jacques de Molay, anatenthedwa ku Paris mu 1314. Wosewera akalowa gulu lotere m'gemu, aziyembekezera tsiku limene lamulo la mfumu ndi la mkulu wa gulu zidzasemphana, ndipo m'malamulo akale a Dungeons & Dragons paladin wochita choipa mwadala ankataya mphamvu zake zonse zopatulika. Magulu ena, monga Order of the Garter limene Edward III anayambitsa mu 1348, anali a ulemu chabe, omangirira akuluakulu kwa mfumu, opanda malumbiro a amonke.

Moni, mpando ndi chishango

Ulemu wa pabwalo la mfumu unali njira yolengezera pamaso pa onse kuti wamkulu ndani, choncho kuulakwitsa kunali kukana udindo wa munthu poyera. Magemu ambiri amatsata mawu a ku England. Mfumu imalonjeredwa kuti Your Majesty, mwana wa mfumu Your Highness, duke Your Grace, ndipo otsika kuyambira marquess mpaka baron My Lord kapena My Lady. Papa ndi Your Holiness, kadinala ndi Your Eminence, mawu amene anakhazikitsidwa mu 1630, ndipo ku England arkibishopu amalandira Your Grace mofanana ndi duke. Wosewera akaitana duke kuti My Lord ndiye kuti wamutsitsa, ndipo akaitana baron kuti Your Grace pamaso pa duke ndiye kuti wanyoza duke uja. Knight amatchulidwa Sir pamodzi ndi dzina lake loyamba: Harry Johnston, amene anatsogolera boma la atsamunda m'dziko lino m'zaka za m'ma 1890, anali Sir Harry, osati Sir Johnston.

Wamng'ono sayamba kulankhula, satembenuzira mfumu msana, ndipo salowa ndi lupanga losolola. Kwa mfumu amagwada bondo limodzi, kwa bishopu amapsompsona mphete. Paphwando, kutalika kwa mpando wa munthu kuchokera patebulo la mbuye kunkanena zonse za iye. Zithunzi za pa zishango ndi mbendera, zimene zinafala m'zaka za m'ma 1100, zinali ngati dzina la banja looneka ndi maso, ndipo panali akatswiri otchedwa herald amene ntchito yawo inali kuzizindikira, kulengeza alendo ndi kunyamula mauthenga pakati pa adani popanda kuvulazidwa.

Chishangocho chinkathanso kupulumutsa moyo. Knight wogonja ankapereka lupanga kapena golovesi yake, nalonjeza dipo, ndipo womugwirayo ankayenera kumusunga mwaulemu. Mfumu John II ya ku France itagwidwa ku Poitiers mu 1356, dipo lake linaikidwa pa ndalama zagolide 3 miliyoni. Ulemu umenewu unali wa olemekezeka okhaokha, pakuti woponya mivi kapena mlimi wonyamula mkondo analibe womuwombola ndipo ankangophedwa. Ngakhale pakati pa olemekezeka unkatha kusweka, monga ku Agincourt mu 1415 pamene Henry V wa ku England analamula kuti akaidi achifalansa aphedwe poopa kuti nkhondo iyambiranso.

Kodi munthu wamba ankakweradi?

Magemu amakonda kuyamba ndi munthu wopanda dzina amene amatsiriza ali mwini linga. Mu Skyrim, jarl akakondwera ndi ntchito za wosewera amamupatsa udindo wa thane pamodzi ndi msilikali womulonda, ndipo alonda a mzinda amatha kumukhululukira mlandu waung'ono akatchula udindowo. M'mbiri kukwera kotere kunali kosowa, koma kunkachitika, ndipo chitsanzo chodziwika ndi William Marshal. Iye anali mwana wamng'ono wa baron wosatchuka, wopanda cholowa, ndipo anadzipezera chuma pa mipikisano ya ma knight, polanda akavalo ndi dipo kwa amene wawagonjetsa. Komabe lupanga lokha silinamupatse malo aakulu. Anawapeza mu 1189, ali ndi zaka zoposa 40, pamene mfumu inamulola kukwatira Isabel de Clare, wolowa chuma chachikulu ku Wales ndi Ireland, ndipo udindo wa earl wa ku Pembroke unabwera mu 1199. Mu 1216 anasankhidwa kuyendetsa dziko la England m'malo mwa Henry III amene anali mwana wa zaka 9, ndipo chaka chotsatira anatsogolera yekha asilikali pa nkhondo ya ku Lincoln ali ndi zaka pafupifupi 70. Magemu omenyana amafupikitsa ulendo woterewu kukhala wa maola ochepa ndipo amautsamiritsa pa lupanga, pamene magemu oyendetsa ufumu amasunga njira imene Marshal anadzera, yoti wosewera atumikire mbuye mokhulupirika kwa zaka zambiri, kenako apemphe dzanja la mwana wamkazi amene malo a bambo ake alibe mwana wamwamuna wowalowa.